Udokotala wa Chiwerengero cha Anthu: Njira Yochokera kwa Kaphuka

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Moni kwa inu nonse a kwa mfumu yaikulu Kaphuka, a ku Linthipe, a pa boma la Dedza, a kwa Kasumbu, kwa Kachere, kwa Tambala, kwa Chauma, kufikira kumunsi kwa Kachindamoto kumene chisanu cha kumapiri kuno sichifika. Amene muli kudimba wailesi ili pambali, amene mukusankha mbatatesi zopita kumsika, aphunzitsi ndi inu ana asukulu, khalani nafe.

Mukafunsa mwana wa Sitandade 8 kuti adzakhala ndani, amati namwino, mphunzitsi, msilikali kapena loya. N'kovuta kumva mwana akuti adzakhala katswiri wa chiwerengero cha anthu. Koma ntchitoyo ilipo, sukulu yake ilipo, ndipo imafika mpaka pa digiri yapamwamba zedi, ya PhD, imene imapatsa munthu dzina la udokotala. Kusukulu za ukachenjede phunziroli amalitcha demography. Nthambi yake imene tikambe lero ndi applied demography, imene imatenga nzeru za chiwerengero n'kuziika pa zosowa zenizeni za dera: makalasi angati, katemera wochuluka bwanji, mjigo ukumbidwe pati, malire a dera la phungu adutse pati.

Dera ngati la Kaphuka limalandira zinthu molingana ndi nambala imene yalembedwa pa pepala ku Zomba ndi ku Lilongwe. Nambalayo ikachepa, amene amamva kuwawa si mwini pepala ayi, koma mayi amene wabwerera kusikelo mwana wake osabayidwa, ndi mwana amene akuphunzirira pansi pa mtengo mu June, mphepo ya ku Dedza ikuwomba.

Ambiri mukukumbukira mwezi wa September 2018, pamene anyamata ndi atsikana ankayenda khomo ndi khomo atanyamula matabuleti. Ameneyo anali kalembera wa anthu ndi nyumba, wachisanu ndi chimodzi chilandirire ufulu wodzilamulira. Ena anachitika mu 1966, 1977, 1987, 1998 ndi 2008, ndipo amayendetsa ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba. Mu 1966 Amalawi tinalipo 4 miliyoni ndi pang'ono. Mu 2018 tinapezeka 17,563,749, ndipo mwa amenewa, 830,512 anali a m'boma lathu la Dedza. Oposa theka la anthu onse anali osakwana zaka 18. Chiwerengero chinkakwera ndi 2.9 peresenti pa chaka. Akatswiri ali ndi kasamu kachidule: gawani 70 ndi liwiro limenelo. Yankho lake ndi 24. Kutanthauza kuti zinthu zikamayenda chomwecho, pakatha zaka 24 anthu amakhala atachuluka kawiri. Munda wa agogo suchuluka kawiri, ndipo inu a kwa Kaphuka mukudziwa kale mmene malire a minda akuvutira.

Koma kalembera amabwera kamodzi pa zaka 10, pamene ana amabadwa tsiku ndi tsiku. Apa ndi pamene ntchito ya katswiriyu imayambira. Kuwerenga anthu ndi mbali yochepa chabe. Mbali yaikulu ndi kunena, pakati pa kalembera ndi kalembera mnzake, kuti dera lakuti lili ndi anthu angati lero, a zaka ziti, ndipo lidzakhala ndi angati zaka 6 zikubwerazi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Nambala izi ndi zongoyerekeza, kuti muone mmene ntchitoyi imayendera. Titenge midzi ingapo yozungulira sukulu imodzi, anthu onse pamodzi 10,000. Tinene kuti pa anthu 1,000 aliwonse pamabadwa ana 30 pa chaka. Ndiye kuti chaka chino m'midzimo mubadwa ana 300. Mwana amayenera kuyamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Mwa ana 300 aja, ena mwachisoni adzakhala atamwalira, ena atasamuka ndi makolo awo kupita ku Lilongwe kapena kumaesiteti a fodya, pamene ena adzakhala atabwera kudzaleredwa ndi agogo awo. Tinene kuti otsala ndi 280. Boma limalakalaka kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Gawani 280 ndi 60, mupeza kuti pafunika zipinda 5 ndi aphunzitsi 5 a Sitandade 1 yokha. Apo sitinaphatikize obwereza kalasi, kapena oyamba mochedwa ali ndi zaka 8 chifukwa mtsinje unkawatsekereza nthawi ya dzinja. Taonani: mwana ali m'chikuta, ife tadziwa kale kuti njerwa ziyambe kuumbidwa liti. Samuyi ndi yophweka. Chovuta ndi kudziwa ngati 10,000 uja ndi woona, ngati 30 uja ndi wa kwa Kaphuka kapena wa dziko lonse, ndiponso kuti osamuka ndi angati. Kupeza nambala zoona za dera laling'ono, ndiye maphunziro a zaka zambiri amenewo.

Dziko lathu linaphunzirapo kale. Mu 1994 boma linachotsa fizi kupulayimale, ganizo labwino limene linatsegulira khomo ana a amphawi. Ophunzira anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zipinda zinalibe, mabuku anaperewera, ndipo boma linalemba aphunzitsi masauzande ambiri amene anali asanapite kusukulu ya uphunzitsi. Anawo sanagwe kumwamba. Analipo kale m'midzi, ndipo kalembera wa 1987 anali atasonyeza kuchuluka kwawo.

Kuchipatala nakonso n'chimodzimodzi. Chipatala chaching'ono chilichonse chimapatsidwa nambala ya anthu amene chikuyenera kutumikira, ndipo katemera ndi mankhwala amakonzedwa potengera nambalayo. Ikakhala yochepa kuposa zoona, lipoti limatha kuonetsa kuti ana obayidwa aposa ana onse a m'deralo, akuluakulu n'kuwomba m'manja, chikhalirecho kuli midzi imene mlangizi wa zaumoyo sanafikeko. Kuno kumalire zimavutirapo, chifukwa abale athu a ku Angónia, ku Mozambique, nawonso amadutsa kudzalandira thandizo mbali ino. Ngakhale ndale zimadalira ntchitoyi: bungwe loyendetsa zisankho la MEC litadulanso malire, madera a aphungu anachoka pa 193 kufika pa 229 pa chisankho cha 2025, ndipo chiwerengero cha anthu chinali pakati pa zinthu zimene linayang'ana.

Nkhani ya malire a dziko ija ili ndi phunziro lina limene akuluakulu a kuno akulidziwa ndi maso awo. Pakati pa 1977 ndi 1987, chiwerengero cha dziko lino chinakwera ndi 3.7 peresenti pa chaka. Pakati pa 1987 ndi 1998 chinakwera ndi 2.0 peresenti yokha. Munthu wongowerenga pepala akhoza kunena kuti Amalawi anabereka kwambiri kenako n'kuleka mwadzidzidzi. Koma agogo a ku Dedza ndi ku Ntcheu angamuuze zimene zinachitika. Kuyambira cha m'ma 1986, anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique analowa mwaunyinji, mpaka anaposa 1 miliyoni m'dziko lonse, ndipo ambiri anakhala m'midzi yathu yomweyi. Kalembera wa 1987 anapeza ena mwa iwo ali kuno. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, anabwerera kwawo, moti wa 1998 sanawapeze. Pamwamba pa apo, zaka zimenezo ndi zimene Edzi inatenga anthu ambiri a msinkhu wobereka. Nambala payokha siinganene zonsezi. Pamafunika munthu wodziwa mbiri ya malowo.

Tsopano tifike pa chimene ine ndimachiona kuti ndiye mtima wa nkhaniyi. Nambala iliyonse ya chiwerengero imayamba ndi funso limene munthu wafunsa mnzake pakhonde. Funsolo likalakwika, kapena likamveka mwina, kompyuta siingakonze.

Titenge funso la zaka. Wakalembera afika kwa agogo, apatsidwa mphasa, afunsa kuti, "Agogo, muli ndi zaka zingati?" Agogo aseka n'kunena kuti, "Lembani inu ophunzira." Mnyamatayo awayang'ana nkhope n'kulemba 70. Pakhomo lina alemba 60, pena 65. Mapepala onse akasonkhanitsidwa, zimaoneka ngati anthu a zaka 60 ndi ambirimbiri pamene a zaka 59 ndi 61 ndi ochepa. Vutoli limapezeka m'maiko ambiri, ndipo akatswiri ali ndi njira zoliyezera ndi kuliwongola. Koma wofunsa wanzeru amalichepetsa pomwepo pamphasapo. Amafunsa kuti, "Njala ya 1949 munaiona? Munali mutayamba kutunga madzi? Pamene dziko limalandira ufulu mu 1964, munali mutatha msinkhu? Nanga mwana wanu wachisamba anabadwa riferendamu ya 1993 isanachitike kapena itachitika?" Pang'ono ndi pang'ono chaka chimapezeka.

Funso lachiwiri ndi lolemera. Amafunsa mayi kuti wabereka ana angati, ndipo angati ali moyo. Mwa chikhalidwe chathu, mayi sathamangira kutchula mwana amene anamwalira. Makamaka khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta, lomwe maliro ake amaika amayi okhaokha mwakachetechete, ambiri saliwerengera, ena amangoti anapita padera. Koma kwa wofufuza pali kusiyana kwakukulu pakati pa mwana wobadwa wakufa kale ndi mwana amene anabadwa, analira, n'kumwalira patatha maola awiri. N'chifukwa chake wofunsa wophunzitsidwa bwino amatsitsa mawu n'kufunsa mwaulemu kuti, "Pepani mayi, kodi mwanayo analirako kapena kugwedezeka?" Yankho limenelo ndi limene limauza boma ngati vuto lili pa nthawi ya pakati, pa kachilitsidwe, kapena pa chisamaliro cha masiku oyamba. Mbali inayi, mayi yemweyo akhoza kuwerengera ana a malemu mng'ono wake amene akuwalera, chifukwa kwa iye ndi ana ake ndithu, ndipo sakunama.

Funso limeneli la ana obadwa ndi ana amoyo lili ndi mbiri yake. Katswiri wina wa ku Scotland, William Brass, anagwira ntchito ya ziwerengero kum'mawa kwa Africa kuyambira 1948, asanakakhale mphunzitsi ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Iye anaona kuti m'maiko ambiri a mu Africa kubadwa ndi imfa sizilembedwa m'kaundula. M'malo modandaula, anapeza njira. Anasonyeza kuti ukafunsa amayi a zaka 20 mpaka 24, gawo la ana awo amene anamwalira limayandikira mwayi woti mwana amwalire asanakwane zaka 2. Ukafunsa a zaka 30 mpaka 34, limayandikira mwayi woti amwalire asanakwane zaka 5. Ndi mafunso awiri okha, dziko lopanda kaundula likhoza kudziwa mmene ana ake akufera. Njira zoterezi zimaphunzitsidwabe mpaka lero.

Funso lachitatu ndi la banja. Pa kalembera, banja ndi anthu okhala pamodzi ndi kudya za mphika umodzi. Tsono taganizani mudzi wa chikamwini: nyumba zitatu za ana aakazi a mayi mmodzi, aliyense aphika kwake, koma nsima akudyera pamodzi pabwalo. Ndi mabanja angati? Bambo wa mitala, akazi awiri m'midzi iwiri, aliyense akuti "bambo akunyumba alipo", alembedwe kangati? Mnyamata amene ali ku Joni chaka chachitatu, koma ndiye amatumiza ndalama ya feteleza, ndipo amayi ake akuti "wangochokapo", ndi wa pano kapena ayi? Munthu wokulira kwa Kaphuka safunika kufotokozeredwa zimenezi. Anazionera pakhomo pa amayi ake. Katswiri wochokera kutali amatha zaka kuti azimvetse, ndipo ena amabwerera asanazimvetse. Mwana wa kuno akangowonjezera masamu pa zimene akudziwa kale, ali ndi chuma chimene sichigulidwa ndi sikolashipu.

Ndisanapume, ndiyankhe funso limene ambiri amafunsa. Amati, "Amayi akulera masiku ano, nanga bwanji anthu akuchulukirabe?" N'zoona kuti kubereka kwatsika. Kafukufuku wa za chiwerengero ndi umoyo wa 1992 anapeza kuti mayi mmodzi ankabereka ana 6.7 tikagawa mofanana. Mu 2010 anali 5.7, ndipo mu 2015 mpaka 2016 anali 4.4. Pa nthawi yomweyo imfa za ana osakwana zaka 5 zinatsika kuchoka pa 234 kufika pa 63 pa ana 1,000 aliwonse obadwa amoyo, chinthu chimene alangizi a zaumoyo, anamwino ndi amayi a dziko lino ayenera kuyamikiridwa nacho. Koma atsikana amene anabadwa zaka zija ana ankabadwa ambiri, ndi amene akukhala amayi lero, ndipo ndi ochuluka kuposa amayi awo. Aliyense akabereka ochepa, onse pamodzi amaberekabe ambiri. Zili ngati lole yodzaza mbatatesi ikutsika chitunda: dalaivala waponda kale buleki, koma katundu akuikankhabe. Wokonza mapulani amene sadziwa zimenezi amasiya kumanga makalasi nthawi isanakwane.

(NYIMBO YAPAKATI)

MUULUTSI: Mukumvera pulogalamu ya maphunziro, ndipo lero tikukamba za udokotala wa chiwerengero cha anthu. Tsono njira yake ndi yotani kwa mwana amene lero ali Fomu 3 pa sekondale yoyendera?

Imayambira pa masamu. Palibe njira yolambalala. Pa mayeso a MSCE, masamu ndi Chingerezi zikhale zolimba, jogalafe ndi bayoloje zimathandizanso. Ndikudziwa kuti m'sukulu zathu zambiri za kumudzi mphunzitsi wa masamu ndi mmodzi, mabuku ndi ogawana, ndipo atsikana ambiri amauzidwa kuti masamu ndi a anyamata. Limenelo ndi bodza, ndipo latilanda akatswiri ambiri. Mtsikana amene amasunga kaundula wa banki nkhonde ya amayi ake osaphonya tambala, masamu angamukanike bwanji?

Kenako ndi digiri yoyamba, ya zaka 4. Ku University of Malawi ku Zomba, imene kale tinkaidziwa kuti Chancellor College, maphunziro a chiwerengero cha anthu anayamba m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la bungwe la UNFPA, ndipo akuphunzitsidwabe. Koma si okhawo amene amalowa. Wophunzira za ziwerengero, za chuma, za chikhalidwe cha anthu, jogalafe kapena za umoyo akhoza kulowera khomo limeneli. Pambuyo pake pamabwera digiri yachiwiri, ya masitazi, ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Ambiri amayamba agwirako ntchito pakati apa, ndipo ine ndimalimbikitsa zimenezo. Munthu amene anayendapo ndi mafunso khomo ndi khomo, agalu n'kumuuwa, mvula n'kumunyowetsa, amalemekeza nambala mosiyana ndi amene anangoipeza pa kompyuta.

Za PhD, malo alipo angapo. Muno mu Africa muli Regional Institute for Population Studies pa University of Ghana, imene inakhazikitsidwa mu 1972. Ku South Africa kuli University of the Witwatersrand ku Johannesburg ndi University of Cape Town. Kutsidya kwa nyanja kuli sukulu ya ku London ija, kuli University of Pennsylvania ku America, ndipo University of Texas ya ku San Antonio ili ndi PhD yotchedwa ndi dzina lenilenilo la applied demography. Njirayi Amalawi anzathu anaidutsapo. Dr Eliya Zulu anayambira ku University of Malawi, anakatenga digiri yachiwiri ku Australian National University, n'kukamaliza PhD ku Pennsylvania. Anagwira ntchito ku Nairobi, ndipo mu 2010 anayambitsa bungwe la AFIDEP, limene ntchito yake ndi kufikitsa zotsatira za kafukufuku kwa opanga malamulo ndi mapulani. Lili ndi maofesi ku Nairobi ndi ku Lilongwe.

PhD imasiyana ndi sukulu zonse zimene munthu wadutsa. Kupulayimale, kusekondale ngakhale pa digiri yoyamba, mphunzitsi amadziwa yankho, wophunzira n'kulifunafuna. Pa PhD palibe amene akudziwa yankho, ngakhale mphunzitsi wokuyang'anira. Iwe umabweretsa funso limene silinayankhidwepo, n'kulemba ndondomeko ya mmene uliyankhire. Ndondomekoyo amaiunika, amaibweza, umailembanso. Ngati ukafunsa anthu mafunso, umayamba wapeza chilolezo ku komiti yoona kuti ofunsidwa sakupwetekedwa ndiponso kuti chinsinsi chawo chisungidwa. Ukafika m'dera, umayambira kwa mfumu, kwa gulupu ndi kwa nyakwawa. Umaphunzira mapulogalamu a pa kompyuta monga Stata ndi R. Ku America zaka ziwiri zoyamba zimathera m'kalasi ndi mayeso aakulu, pamene kwina umalowa mu kafukufuku msanga. Pomaliza umalemba buku, n'kukhala pamaso pa akatswiri amene amakufunsa tsamba ndi tsamba. Zonsezi zimatenga zaka 3 mpaka 5, nthawi zina kuposerapo. Si udokotala waulemu uja amapatsa munthu pa mwambo. Uwu ndi wa thukuta.

Ndalama nazo ndi nkhani. Banja la mlimi silingalipire maphunziro amenewa, ndipo lisayese n'komwe kugulitsa munda kapena ng'ombe. PhD ya mtundu uwu ambiri amaphunzira ndi thandizo: sikolashipu za Commonwealth, za Fulbright, kapena za mgwirizano wa CARTA umene unakhazikitsidwa mu 2008 kuti aphunzitsi a m'mayunivesite a mu Africa azitenga PhD konkuno. Ena amalipiriridwa ndi kafukufuku wamkulu amene akugwiramo ntchito. Munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akupezereni sikolashipu, muthaweni. Ndipo tisabisane, mtengo wina si wa ndalama. Ndi zaka zimene anzako akumanga nyumba za malata iwe uli ndi chikwama cha mabuku. Ndi maliro a kwanu amene umangomva pa foni. Kwa mayi wa ana, ndi funso loti ana atsala ndi yani, ndipo apa amuna ndi apongozi ali ndi mbali yaikulu. Amene akufuna dzina lokha loti Dokotala adzatopera panjira. Amene amapirira ndi amene ali ndi funso lomusowetsa tulo.

Ndipo mafunso otere kwa Kaphuka alipo ambiri. Achinyamata a kuno akupita kuti, amabwerera angati, ndipo minda ndi ana awo amatsala ndi yani? Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo m'boma lathu lomwe lino Inkosi Theresa Kachindamoto anadziwika dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana. Kodi zaka zimene atsikana a m'midzi yathu akuberekera mwana woyamba zasuntha bwanji chiyambire pamenepo? Kaundula wa m'mudzi amene mlangizi wa zaumoyo amasunga, ndi wa nyakwawa, akusiyana bwanji ndi nambala yochokera ku Zomba, ndipo woona ndi uti? Nanga okalamba, amene akuchuluka chifukwa anthu akukhala moyo nthawi yaitali, adzawasamala ndani ana awo ali kutali? Funso lililonse pamenepa ndi lokwana PhD, ndipo yankho lake khonsolo ikhoza kuligwiritsa ntchito mawa lomwe.

Malawi ndi dziko limene lafufuzidwa kwambiri pa nkhani zimenezi. Ku Chilumba m'boma la Karonga, kuyambira 2002, kubadwa, imfa ndi kusamuka kwa anthu a m'dera limodzi zakhala zikulembedwa mosalekeza. Ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuli kafukufuku wa mabanja ndi umoyo amene anayamba mu 1998 motsogozedwa ndi akatswiri a ku Pennsylvania, ndipo wakhala akubwerera kwa anthu omwewo kwa zaka zoposa 20. Ku Balaka komweko, kafukufuku wa Tsogolo la Thanzi anayamba mu 2009 kutsatira achinyamata. Ntchito zimenezi zaphunzitsa dziko lapansi zambiri za Edzi, za ukwati ndi za kulera, ndipo Amalawi ambiri aphunziriramo. Koma ndinene maganizo anga mosabisa. Kwa nthawi yaitali, ambiri mwa ife takhala ofunsa mafunso ndi otanthauzira, pamene osankha funso ndi olemba buku ndi ena. Sindikuwada alendowo, agwira ntchito yabwino. Koma funso limene likuvuta mayi wa kwa Kaphuka silingakhale patsogolo ngati pa tebulo losankhira mafunso palibe mwana wake. Ndipo amene mwaphunzira kale, zotsatira zisathere m'magazini a Chingerezi okha. Bwererani nazo kukomiti ya chitukuko ya dera, muzifotokoze m'Chichewa, mfumu ndi anthu ake amve chimene munapeza pakhomo pawo.

Ntchito kwa womaliza maphunzirowa ziliko: ku ofesi ya ziwerengero ku Zomba, ku maunduna a zaumoyo ndi maphunziro, kumayunivesite, kumabungwe monga UNFPA ndi UNICEF, ngakhale kumakampani a inshuwalansi ndi penshoni amene amafuna kudziwa kuti anthu akukhala zaka zingati. Kumene ine ndingakonde kuwaona ambiri ndi kumakhonsolo a maboma, chifukwa ndi kumene amasankha kuti chipinda chatsopano chimangidwe pa sukulu iti.

Ophunzira amene muli kale kukoleji, simuyenera kudikira PhD kuti muyambe. Malipoti a kalembera wa 2018 ali pa intaneti, ndipo ziwerengero za kafukufuku wa chiwerengero ndi umoyo amazipereka kwaulere kwa wofufuza amene walembetsa n'kufotokoza cholinga chake. Tsegulani tsamba la Dedza, pezani mzere wa Kaphuka, muuyerekeze ndi wa 2008, mudzifunse chimene chasintha.

Kwa inu makolo, pempho langa ndi lapafupi. Mwana akabadwa, mulembetseni kuti akhale ndi chiphaso chobadwira. Lamulo la kalembera wa unzika linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo limafuna kuti kubadwa ndi imfa zonse zizilembedwa, ngakhale zochitikira pakhomo. Mafumu athu, thandizani anthu anu pa zimenezi, ndipo kaundula wa m'mudzi akhale woona, wopanda maina ongowonjezera chifukwa cha makuponi. Kalembera wina akuyembekezeka mu 2028. Akadzafika pakhomo panu, apatseni mphasa, muwauze zoona: amene anagona pamenepo, amene ali ku Joni, ana amoyo ndi amene anatisiya. Ndipo inu aphunzitsi a masamu a kwa Kaphuka, mawa mukalowa m'kalasi, auzeni ana anu kuti ntchito imeneyi iliko, ndipo muwawerengetse okha kuti sukulu yawo idzafuna zipinda zingati pofika 2030.



(NYIMBO YOTSEKERA)